Kang'ombe ka Miyendo Itatu

Khalani pansi, ana inu, manja azigwira ntchito makutu akumva. Kachewere wophukira muziika m'dengu ili, ndiye mbewu yathu, wowola muziponya uko. Iwe Tadala, dzulo ndinakumva ukuuza anzako kuti chipsera chili m'dzanja mwangamu ndinapsa ndi mphika. Mphika uti? Ine ndaphika kuyambira ndili msinkhu wakowo, sindinapsepo m'kati mwa dzanja. Chipsera ichi n'cha ng'ombe. Musaseke, ng'ombeyo ili pompano, pa mfundo ya nsalu yangayi.

Onani ndi maso, manja anuwo ali ndi dothi. Kutalika kwake n'chala changa chapakatichi basi. Kale kanali koyera ngati mkaka, lero kafanana ndi mano anga. Miyendo werengani nokha. Itatu, inde. Wachinayiwo ndi umene ndikufuna ndikuuzeni, popeza makolo anu amangodziwa theka la nkhaniyi.

Inu masiku ano mukaweruka ku sukulu mumaunjikana pa foni imodzi ngati nkhuku pa madeya. Ife tinali ndi masanje. Anthu akatha kukolola, ana tinkapita ku minda kukamanga tinyumba ta mapesi. Tinkakunkha chimanga ndi nyemba zotsalira, n'kumaphika m'timiphika tathu tosweka milomo. Wina ankakhala bambo, wina mayi, ndipo amene wasowa banja ankakhala fisi, ntchito yake kuba ndiwo. Ana athu anali zitsononkho, tinkazibereka kumbuyo ndi kansanza. Anyamata ankaumba ng'ombe zadothi ku dambo, zikauma nyanga n'kuthothoka.

Chaka china bambo wa m'nyumba mwanga anali Fabiano. Eya, agogo anu aamuna omwewo. Nthawi imeneyo ndinkamutchula dzina mosaopa, anali kamnyamata ka mamina kochepa kuposa iwe Chikondi. Bambo ake anali atangobwera kumene kuchokera ku Halale, komwe ankaphikira azungu. Anabwera ndi bulangete, nsapato zolira ndi kang'ombe aka, akuti mwana wa bwana wawo anakataya. Mudzi wonse wa ana unkamutsata Fabiano kuti ukaone. Tsiku lina anafika pa kanyumba kathu ka mapesi, anaima ngati munthu wamkulu, n'kunena kuti, "Ife Angoni sitikwatira chimanjamanja. Ng'ombe yako nayi."

Ndinalandira ndi manja awiri. M'mawa mwake anabweranso n'kufunsa kuti, "Kodi ng'ombe yanga yabereka?" Ndinamuonetsa chitsononkho chomwe ndinabereka kumbuyo, iye n'kugwedeza mutu kuti zili bwino.

Masanje anatha, mvula inagwa, tinyumba tija tinawola, koma kang'ombe sanakaitanitse. Zaka zinapita. Atadzabwera kudzandifunsira zenizeni, anabweretsa nsalu ya chikole monga amachitira onse, koma anauza amalume anga kuti nsaluyo n'njongowonjezera, ng'ombe anapereka kale. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo, mwana aliyense akabadwa, agogo anu ankaima panja pa chikuta n'kufunsa funso lawo lomwe lija, ine ndili m'kati n'kuyankha kuti yabereka. Anabadwa asanu ndi awiri. Awiri tinakawasiya ku manda ali akhanda. Taonani pakhutu la kang'ombepa, timabowo tiwiri iti ndi mano a bambo ako iwe Tadala, pamene ankamera.

Chaka chatha, mvula ili pakati, mukudziwa kuti agogo anu anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lina masana, atatha masiku awiri osalankhula, anatsegula maso n'kundifunsa ngati ng'ombe yawo yabereka. Ndinakwera njinga yamoto kubwera kuno kudzakatenga. Ndinakaika m'dzanja mwawo, koma dzanja linali likunjenjemera, kankagwa. Choncho ndinakalowetsa m'thumba la jekete lawo lakuda lija, lomwe ankavala pogona chifukwa cha kuzizira. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Anamwalira patapita masiku atatu, ndipo mutu wanga sunakumbukenso za thumba.

Titameta, abale awo anabwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Njinga inapita, wailesi inapita, nkhwangwa inapita. Ine sindinatsutse, zinali zawo. Jekete linagwera a Lameki, ang'ono awo a agogo anu, omwe aja amakhala kutsidya kwa dambo. Patapita masiku ndinatsegula kachitini komwe ndinkasungira kang'ombe, n'kupeza mulibe. Ndinasiya madzi pamoto n'kuwoloka dambo.

Ndinawapeza a Lameki pakhonde, jekete lili m'thupi. Nditapereka moni ndinafotokoza bwinobwino kuti m'thumbamo munatsalira kanthu kanga. Iwo sanakane kuti anakapeza. Koma mwana wawo wa ku tauni anali atakaona pa maliro paja, anakajambula, n'kufufuza pa foni. Akuti timizere tooneka pamsana pakepa ndi chizindikiro.

"Alamu," anatero a Lameki, "ichi si choseweretsa ana. Ndi mnyanga wa njovu. Anabwera nacho ndi bambo athu, ndiye n'cha mtundu wathu. Komanso jekete amalandira ndi matumba ake omwe."

Ndinawauza kuti chikole chimabwezedwa ngati mkazi wakana mwamuna, nanga ine ndinawakana liti akulu awo? Ndinawasambitsa mpaka tsiku lomaliza. Iwo anati masanje si ukwati, ndipo ngati pali mboni ndiitchule. Mboni ndikanaitenga kuti? Amalume anapita kale, ankhoswe onse awiri anapita, ndi fisi wa masanje athu yemwe anagona kalekale.

Musawade a Lameki, ana inu. Chaka chimenecho kachewere wawo anapsa ndi chiwawu, munda wonse kuda bii, ndipo za feteleza wa chaka chotsatira sankadziwa kuti azitenga kuti. Munthu wotere ukamuuza kuti m'thumba mwake muli chuma, makutu ake amatsekeka.

Nkhani inafika kwa aNangozo, alongo awo aakulu, omwe tsopano ndiwo mutu wa banja limenelo. Anatimvetsera tonse awiri akusenda nyemba, osadzutsa mutu. Pomaliza anagamula kuti tipite limodzi kwa munthu wodziwa zinthu zakale akakaone. Kakapezeka kuti ndi mnyanga, ndiye kuti bambo awo sakanapatsa mwana chuma chotere kuti azikagawa ku masanje, kabwerere ku mtundu. Kakapezeka kuti n'kachabechabe, kabwerere kwa namfedwa. Tonse tinavomera.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Anthu amapempha Mulungu kuti zinthu zawo zikhale zamtengo wapatali. Ine ndinkagwada m'tchalitchi kupempha kuti kang'ombe kanga kakhale kopanda ntchito. Ndipo sindinkadziwa. Zaka zonsezo ndinakasunga osadzifunsa kuti anakapanga ndi chiyani. Dothi si dothi, mtengo si mtengo, chitsulo ayi. Pulasitiki tinaidziwa mochedwa ife, ndi zidebe, ndipo kang'ombe aka kanabwera zidebezo zisanafike. Ndiye mumtima ndinkaopa kuti mwina a Lameki akunena zoona.

Tinanyamuka m'mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba phiri lonse. Kale ulendo wa ku boma la Dedza kuchokera kuno kwa Kaphuka tinkayenda pa ngolo, titakhala pamwamba pa matumba a kachewere, agogo anu akukuwira ng'ombe zenizeni, kukafika dzuwa litapendeka. Lero mumangokwera njinga yamoto mpaka pa tala, kenako minibasi, chimanga chootcha chisanazizire mwafika. Koma tsiku limenelo njira inanditalikira kuposa pa ngolo.

Tili m'minibasi, galimoto inayamba kuchepetsa liwiro. Kutsogolo kunali apolisi, atatchinga msewu ndi migolo. Ndinaona a Lameki akutuluka thukuta pamphumi, kunja kukuzizira chotero. Mwana wawo uja anali atawauzanso kuti wopezeka ndi mnyanga amakalowa ndende, koma zimenezo ine sanandiuze. Anapisa m'thumba, n'kundikankhira kanthu m'dzanja pansi pa nsalu.

"Sungani ndinu, alamu," ananong'ona. "Amayi achikulire sawasecha."

Ndinakafumbata. Aka kanali koyamba kukagwira chimwalirire agogo anu. Wapolisi anasuzumira pawindo, anagogoda matumba anali kumbuyo, anafunsa mwini wa dengu la nkhuku. Maso ake anadutsa pa ine. Ndinkaganiza kuti akanditsegula dzanja ndinena chiyani, poti ngakhale ine sindikudziwa chomwe ndanyamula. Kenako anamenya galimoto ndi chikhatho kuti tizipita.

Titangodutsa migolo ija, a Lameki anatambasula dzanja. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Ndikanatha kukana, anthu m'galimotomo akanandiikira kumbuyo. Koma ndinali nditavomera pamaso pa aNangozo. Ndinapereka.

Wodziwa zakale amene anthu anatilozera anali Che Amidu, bambo wachikulire wachisilamu yemwe ali ndi kasitolo kuseri kwa msika. Amakonza mawotchi ndi magalasi a maso, komanso amagula zinthu zakale n'kumagulitsa kwa alendo odutsa. M'mashelefu mwake ndinaonamo simbi zamakala, nyali zagalasi ndi makobidi obowola pakati omwe tinkagulira mchere ndili mwana. Ndinachita manyazi kuona kuti zinthu zomwe ndinakula nazo tsopano akuziika pa shelefu kuti anthu azidabwa. Pansi pafupi ndi mapazi awo panali mbaula, pambali pake ketulo ya madzi omwe amasamba akamapita kokapemphera.

A Lameki anatsitsa mawu n'kunena kuti tabwera ndi mnyanga. Che Amidu sanatambasule dzanja msanga. Anati tisanayambe timvetsetsane, chinthucho chikakhaladi mnyanga iwo alibe mtengo woti atchule, titenge tituluke, ndipo amene angatigule kunjako ndi yemweyo amene angatimangitse. A Lameki anakaikabe pa tebulo.

Bambo aja anakanyamula, n'kukayeza m'dzanja. Anakagunditsa pa dzino lawo lakutsogolo, go go, akumvetsera. Anakakhudzitsa pa tsaya. Kenako anavala kagalasi ka diso limodzi kokonzera mawotchi, anasendera pakhomo pomwe panali kuwala, n'kuyamba kukatembenuza pang'onopang'ono. Ine ndinakhala pa benchi. Mawotchi a pakhoma aja ankangogunda, iliyonse nthawi yakeyake.

Atatha anatiitana kuti tisuzumire pa kagalasiko. Anafotokoza kuti fupa limakhala ndi timadontho takuda ngati nsabwe, ndipo apa palibe, ndiye si fupa. A Lameki anamwetulira. Koma bambo aja anapitiriza. Anati mizere ya mnyanga imapingasana ngati maluko a lichero, pamene iyi ikungoyenda mbali imodzi, yofanana, ngati mizere ya m'munda wa munthu wolima ndi chingwe. Njovu simera zowongoka chotero, anatero, izi anajambula ndi anthu. Ndiye anakapukuta mwamphamvu pa mkono wa mkanjo wawo mpaka katenthera, n'kundinunkhiza. Fungo lake linali la mankhwala aja timapaka ana pachifuwa akadwala chimfine.

"Mayi, iyi ndi pulasitiki ya makedzana," anatero. "Ankaipanga dala kuti izioneka ngati mnyanga. Musamakaike pafupi ndi moto, imayaka kuposa udzu wa m'chilimwe."

Ndinatsala pang'ono kugwada pomwepo. Koma a Lameki anakwiya. Anati amadziwa machenjera a anthu amalonda, amanyoza mbuzi kuti aigule motchipa. Anati mwana wawo anawauza njira yosanama: kuwotcha singano n'kubaya. Mnyanga singano siilowa, pulasitiki imalowa. Che Amidu anakana. Anati m'sitolo mwawo mulibe singano yobwereketsa pa ntchito yotere, ndipo anabwerezanso za moto zija.

Apa mvetserani bwino, chifukwa izi sindinauzepo makolo anu. Bambo aja anali akadakagwira kang'ombe, akukayang'ana kumimba, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wakonda chinthu. Anayamba kunena kuti, "Komabe tinthu totere, tikakhala tathunthu chonchi, alipo anthu ena amene..."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma kumene mawu amenewo ankapita ndinakuona. ANangozo anati kachabechabe kabwerere kwa ine. Nanga kakakhala kosakhala mnyanga koma kokhala ndi mtengo? A Lameki akanabwerera nako kutsidya, nkhani n'kuyambiranso, ndipo ine ndilibe mboni. Munthu woona mtima uja anali pafupi kundilanda ng'ombe yanga ndi chilungamo chake.

Sindinawalole kumaliza. Ndinamasula pini yomwe ndinamangira nsalu yanga pachifuwa, ndinaiwongola, n'kuwapatsa a Lameki.

"Bayani, alamu, mtima wanu ukhale pansi. Koma mubaye kuphazi."

Ndinkaganiza kuti pangotsala kabowo, koti wogula aliyense akakaona azikakana. Che Amidu anati, "Mayi, ndakuuzanitu," koma a Lameki anali atakatsomphola kale. Anagwira pini ndi kapulayala ka pa tebulo, anawerama pa mbaula, n'kuiika pa khala mpaka nsonga inafiira. Kang'ombe anakagwira ndi dzanja linalo, pomwepo pamwamba pa makala. Anabaya mwendo wakumbuyo.

Pini inalowa ngati mu dzungu lophika. Kunamveka kuti tsii, kunatuluka utsi woyera, kenako lawi. Sindinaonepo moto wothamanga chotero. Mwendo wonse unayaka kamodzi, lawi likukwera kupita kumimba. A Lameki anakuwa n'kukaponya pa tebulo.

Sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji pa benchi. Ndinangoona dzanja langa litakafumbata, moto uli m'kati. Ndinafinya. Unkandiluma mpaka m'chigongono, koma ndinkadziwa kuti ndikatsegula katha. Che Amidu anatenga ketulo ija n'kukhuthulira madzi onse pa nkhonya yangayo, akutchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo chopempherera. Ndi iwo amene anandiwongola zala, chimodzichimodzi. Khungu la pakati apa linali litamatirira. Kang'ombe kanali pompo, kakuda mbali imodzi, mwendo umodzi palibe.

Kenako bambo aja anamaliza mawu awo aja. Anati alipo anthu amene amatolera zoseweretsa zakale zoterezi, ndipo kakanakhala kathunthu akanatipezera wogula. A Lameki anafunsa ndi mawu ang'ono kuti akanapereka zingati.

"Mbuzi mukanagula, mwina ndi kamwana kake," anatero Che Amidu. "Lero ngakhale dzira sindingakupatseni."

Ponena zimenezo sankayang'ana a Lameki. Ankayang'ana ine, ndi pini ija ili pansi. Anaitola, anaipukuta, n'kundibwezera. Bambo amene uja anadziwa chimene ndinachita.

Thupi langa linayamba kuzizira, kaya ndi ululu kaya ndi chisanu cha ku boma chija. A Lameki anavula jekete la akulu awo n'kundifunditsa. Anatola kang'ombe pa tebulo, anakayang'ana pang'ono, n'kukaika m'dzanja langa labwinoli. Anati, "Tengani chinthu chanu, alamu. Ndakupwetekani." Anandiperekeza ku chipatala kukamanga bala. Kwa aNangozo anakanena okha kuti kanali kachabechabe.

Mpaka lero a Lameki amaganiza kuti kulakwa konse kunali kwawo. Nthawi yokumba, dzanja langa lisanapole, anabwera ndi khasu lawo kudzandikumbira kachewere yemwe mbewu yake mukusankhayi. Ine ndinkawayang'ana ndili pakhonde, ndikudziwa kuti mbuzi yomwe ikanawagulira feteleza ndinaiwotcha ndine. Ndinakaulula kwa ansembe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati dzanja likupola. Koma mtima sunandipatse mtendere mpaka mbuzi yanga yamawanga itaswa. Kamwana kakakazi ndinakatumiza kutsidya, ndinati n'kothokoza pa kukumba kuja. Iwe Chikondi ndiwe unakakoka pa chingwe, sunadziwe chomwe unkabweza. Jekete nalonso ndinabweza, linali lawo mwa mwambo.

Tsono ndakuuzani inu kuti mukhale mboni, poti ndinaona kuwawa kwa kusowa mboni. Tsiku langa likadzafika, anthu akadzayala katundu wanga pabwalo, miphika atenge, nsalu atenge, mbuzi agawane. Aka si katundu. Musadzakaike m'thumba la chovala chilichonse, mudzakaike m'dzanja ili lachipserali, mudzafumbatitse zala. Wamva, Tadala? Usayang'ane kumbali, ndiwe wamkulu.

Ndikakafika kumeneko ndikudziwa chomwe akandifunse agogo anu, moni asanapereke n'komwe. Za mwendo ndikafotokoza ndekha. Koma funso lawo lija likufuna nambala, ndipo mutu wanga masiku ano umataya. Taimani mundandande apo, siyani kachewereyo. Iwe wabisala kuseri kwa denguwe, tuluka. Yamba ndiwe Tadala, uwerenge mokweza, ndi wakhanda uja ali kumbuyo kwa mayi ake kunyumba umuwerengenso.